Ziwala Zodya Zinzake

Dzuwa likapendeka m'zitunda zouma za kumwera kwa dziko la France, kapena m'tchire la udzu ku Hungary, chiwala china chimakwera pa kachitsamba n'kukhala duu. Thupi lake ndi lobiriwira, mapiko chilibe, ndipo sichiimba. Tengani rula yanu ya kusukulu, ananu, muone pamene pali masentimita 10. Chiwalachi chimafika pamenepo, china mpaka kupitirira, mukawerengera ndi kachubu kosongoka kamene kali kumbuyo kwake, koikira mazira m'nthaka. Asayansi amachitcha Saga pedo, ndipo ku Ulaya konse tizilombo toposa iye kukula ndi towerengeka.

Chimene Saga akudikira pa kachitsambapo si tsamba lanthete ayi. Miyendo yake inayi yakutsogolo ili ndi minga yolimba, yondandalikana m'mizere. Chiwala china chikatera pafupi, iye sapupuluma. Amasuntha mwendo umodzi, n'kuima, n'kusunthanso wina, thupi likugwedezeka pang'ono uku ndi uku kuti winayo aziyesa ndi udzu ukuwombedwa ndi mphepo. Akayandikira ndithu amalumpha kamodzi n'kuchikumbatira kuti gwi! Minga ija imalowa, ndipo chogwidwacho chingaphiriphithe bwanji sichipulumuka. Saga amaluma pakhosi, kuseri kwa mutu, pamene chikopa chili chofewa, n'kuyamba kudya pomwepo. Akamaliza pamangotsala mapiko ndi tizidutswa ta miyendo. Ngakhale chiswamphika, chimene tizilombo tina timachiopa, nthawi zina chimathera m'kamwa mwa Saga.

Tsono Saga akakumana ndi Saga mnzake wocheperapo msinkhu, amamugwira chimodzimodzi n'kumudya. Anthu amene amaweta ziwalazi pofuna kuziphunzira amadziwa kuti kuika ziwiri m'bokosi limodzi n'kutaya chimodzi. Kodi n'chiyani chimachititsa kachilombo kudya kanzake ka mtundu womwewo? Ndi nkhanza kodi? Funsoli lili ndi yankho, ndipo linapezeka ndi timbale ta chakudya toikidwa pansi m'tchire la ku America. Koma tiyambe talidziwa banja lake.

Abale a bwanoni

Ambiri a inu munaonapo bwanoni, uja amabwera usiku pa magetsi mvula ikamatha, wina wobiriwira wina wofiirira, amene timakazinga ndi kamchere. Saga ndi bwanoni ndi pachibale. Banja lawo asayansi amalitcha Tettigoniidae, ndipo muli mitundu yoposa 7,000, yopezeka kulikonse padziko lapansi kupatula kozizira kwambiri monga ku Antarctica. Mukagwira bwanoni chaka chino musafulumire kumuthothola mapiko. Yambani mwaona tinyanga take: n'tatitali ndi topyapyala zedi, pamene ta dzombe ndi ta tsokonombwe n'tatifupi. Kenaka yang'anitsitsani mwendo wakutsogolo, m'munsi pang'ono mwa bondo. Muona timing'alu tating'onoting'ono. Amenewo ndi makutu ake! Wamwamuna akamaimba usiku pokhukhuza phiko lina pa linzake, wamkazi amamvera m'miyendo.

Onaninso kukamwa, koma chala chikhale patali, chifukwa bwanoni amaluma. Nsagwada zake sizitsegukira m'mwamba ndi pansi. Zimatsegukira m'mbali, ndipo ndi zolimba moti zimaswa njere ya udzu. Nsagwada yoswa njere ingathenso kung'amba chikopa cha kachilombo kena. Ziwala za tinyanga tatifupi chakudya chake chachikulu ndi masamba, koma m'banja la bwanoni muli zambiri. Muli odya masamba okhaokha, muli odya mungu wa maluwa, muli ambiri odya zonse, masamba ndi nyama yomwe, ndipo muli alenje enieni onga Saga.

Mlenje wina wa ku Australia, wotchedwa Chlorobalius leucoviridis, ndiye kathyali weniweni. Kumeneko nyenje yaimuna ikamaimba, yaikazi imayankha ndi kaphokoso ka mapiko kakuti tha, pa malo ake enieni m'nyimbomo. Chiwalachi chimamvetsera nyimbo ija n'kuyankha kuti tha, pomwe pakanayankha nyenje yaikazi. Yaimuna imathamangirako ikuyesa yapeza mbeta, n'kugwera m'miyendo yaminga. David Marshall ndi Kathy Hill, amene analemba za zimenezi mu 2009, anapeza kuti chiwalachi chimatha kuyankha ngakhale nyimbo za nyenje za kumayiko ena, zimene sichinazimvepo chibadwire.

Mtundu wopanda abambo

Katswiri wa zachilengedwe Peter Simon Pallas ndiye anayamba kulemba za Saga pedo m'mabuku a sayansi, mu 1771. Chiyambire pamenepo anthu akhala akugwira Saga m'mayiko ambiri, kuchokera ku Spain ndi Italy mpaka ku Kazakhstan ndi kumadzulo kwa China, ndipo pafupifupi onse amene amawagwira amakhala aakazi. Mazira a Saga amaswa popanda tate. Mwana amabadwa wamkazi, atatengera mayi ake chilichonse, ndipo nayenso adzabala ana aakazi otengera iye. Choncho Saga akamadya mnzake wa pachitunda chomwecho, nthawi zambiri amakhala akudya mbale wake wofanana naye kotheratu.

Nyengo yotentha ikamatha, Saga amabaya nthaka ndi kachubu kake kaja n'kusiyamo mazira. Mazirawo safulumira. Amakhala m'nthaka zaka ziwiri, ena kuposerapo, chipale chofewa chikugwa pamwamba n'kusungunuka. Kamwana kakaswa, cha mu Meyi, kamayamba kusaka tiziwala tating'ono. Koma chikopa cha chiwala sichikula pamodzi ndi thupi, ndiye kuti kakule kamayenera kufundula kangapo. Kamakolowekeza miyendo pa phesi la udzu, mutu pansi. Chikopa chimang'ambika pamsana, ndipo kachiwala kamatulukamo pang'onopang'ono, kakusolola mwendo umodziumodzi ndi tinyanga tomwe. Kakatuluka kamakhala kotumbuluka ndi kofewa tepetepe. Sikangalumphe, sikangalume, sikangathawe, mpaka chikopa chatsopano chitauma. Kwa abale onse a bwanoni iyi ndiyo nthawi yoopsa kwambiri, ndipo ambiri amene amadyedwa ndi anzawo amadyedwa akufundula. Kachiwala kakapulumuka, nthawi zambiri kamatembenuka n'kudya chikopa chake chakale chija. Musaiwale zimenezi, tizipezanso kutsogoloku.

Masiku ano Saga ndi wosowa. Bungwe la IUCN, limene limalemba mayina a zamoyo zomwe zikuchepa padziko, linamuika pa mndandanda wa zimene zili pachiopsezo, ndipo m'mayiko a European Union malamulo amaletsa kumugwira kapena kumupha. Tchire lake louma lija anthu analima, kwina anamangapo nyumba, kwina anasiya kudyetsako nkhosa mpaka zitsamba zinawirira n'kutseka dzuwa. Mankhwala opopera m'minda amapha ziwala zimene iye amadya. Pothawira palibe, poti alibe mapiko. Malo ake akawonongeka amathera pomwepo. M'tchire lalikulu a Saga amakhala motalikirana ndipo sakumana kawirikawiri. Tchire likachepa, nyama imachepa, ndipo mnansi amayandikira.

Ulendo wa nkhuli

Kuti timvetse chifukwa chake amadyana, tisiye kaye osowawa tipite kwa mbale wawo amene sasowa konse. Kumadzulo kwa dziko la United States kuli chiwala chonenepa, chakuda kapena chofiirira, chotchedwa Anabrus simplex. Anthu a kumeneko amachitcha chiwala cha a Mormon. Mu 1848 anthu a mpingo wa Mormon, amene anali atangofika kumene m'chigwa cha Salt Lake ku Utah, anaona ziwalazi zitalowa m'minda yawo zili mbwee. Mbiri yawo imati mbalame zoyera za kunyanja zinabwera n'kudya ziwala zambiri, mbewu zina n'kupulumuka. Mpaka lero mbalameyo ndi chizindikiro cha Utah, ndipo mumzinda wa Salt Lake City muli chipilala choikumbukira.

Ziwalazi siziuluka, mapiko ake ndi tizidutswa chabe. Koma paja tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha: zaka zina zimasonkhana mamiliyoni n'kuyamba ulendo wapansi, zonse kulowera mbali imodzi. Khamu limodzi limatha kutalika makilomita 10, ndipo limayenda mpaka makilomita 2 pa tsiku. Zikadutsa pamsewu, magalimoto amaziponda mpaka phula kuterera. Mu 2023, m'tauni ya Elko ku Nevada, anachita kutulutsa magalimoto okankha chipale chofewa kuti akankhe ziwala zakufa pamsewu.

Asayansi anayi, Stephen Simpson, Gregory Sword, Patrick Lorch ndi Iain Couzin, analondola khamu lina ku Idaho, ndipo anaona chinthu chimene chinawazunguza mutu. Ziwalazo zinkadutsa mu udzu wambiri osaumaliza. Chiwala cha njala chingasiye bwanji chakudya? Atayang'anitsitsa anaona kuti zinkasankha. Zinkakwera kukadya maluwa ndi njere. Zinkaunjikana pa nyama yakufa, pa ndowe, ndi pa dothi pamene ng'ombe yakodza. Zinkadya zikopa zofundula. Ndipo chinzawo chikavulala kapena kungoima nthawi yaitali, zinkachigwera n'kuchimaliza.

Ndiye akatswiri aja anakonza zakudya za mitundu ingapo n'kuziika m'timbale patsogolo pa khamulo. Kusukulu munaphunzira kuti zakudya zina ndi zopatsa mphamvu, monga nsima, mbatata ndi chinangwa, ndipo zina ndi zomanga thupi, monga nyemba, usipa, mazira ndi nyama, zimene muli mapuloteni. M'kambale kena anaikamo chopatsa mphamvu chokha, m'kena chomanga thupi chokha, m'kena zonse ziwiri, m'kena chopanda zonsezi. Khamu litafika, ziwala zinangodutsa pa chopatsa mphamvu, zochepa zokha n'kulawako. Koma pamene panali mapuloteni zinaunjikana mpaka kukwerana pamsana, zikukankhana ndi kuponyerana miyendo. Anaikanso thonje lonyowetsedwa ndi madzi wamba, ndi lina lonyowetsedwa ndi madzi amchere. Zinathamangira lamchere.

Yankho linali limenelo. Mimba ya ziwalazo sinali yopanda kanthu. Inali nkhuli. Thupi linkafuna mapuloteni ndi mchere, ndipo m'tchire louma lija, chinthu chapafupi chokhala ndi zonse ziwiri ndi chiwala chinzako chimene chikuyenda patsogolo pako.

Pofuna kutsimikiza, anatenga ziwala zina n'kuzidyetsa mapuloteni ndi mchere mpaka kukhuta. Zimenezi zinachepetsa kudya zinzake, ndipo zokhuta mapuloteni zinachepetsanso kuyendayenda. Lipoti lawo linatuluka mu 2006, ndipo linafotokoza chimene chimayendetsa khamu lonse lija. Chiwala chilichonse chimalondola cham'tsogolo pofuna kuchiluma, uku chikuthawa cham'mbuyo chimene chikufuna kuluma icho. Woima wadyedwa. Ine ndimaona kuti kafukufuku ameneyu ndi wokongola chifukwa cha kuphweka kwake. Sanafune makina aakulu. Anafuna timbale, thonje, mchere, ndi anthu odekha oyang'anitsitsa chimene chiwala chikusankha.

Mwina mukufunsa kuti, nanga bwanji osangochoka m'khamu loopsa chonchi? Gregory Sword ndi anzake anayesanso zimenezo. Anamata tiwayilesi tating'onoting'ono pamsana pa ziwala zina kuti azidziwa kumene zili. Zina anazisiya m'khamu, zina anakazitula patali pazokha. Pomatha masiku awiri, theka kapena kuposa la zoyenda zokha zija zinali zitadyedwa ndi mbalame, mbewa ndi nyama zina, pamene za m'khamu zinali zamoyo. Kunja kwa khamu imfa ili pafupi kwambiri kuposa mkati, bola ngati miyendo ikuyenda.

Magazi owawa

Kuno ku Africa tili naye mbale wina amene khalidwe lake silisiyana kwenikweni ndi la ku America lija. Ndi chiwala chonenepa, chopanda mapiko ouluka nawo, cha minga pamsana pafupi ndi khosi, chotalika masentimita 5 kapena kuyandikira pamenepo. Mtundu wodziwika kwambiri ndi Acanthoplus discoidalis wa ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Zimbabwe, ndipo abale ake apafupi amapezekanso ku Zambia ndi ku Malawi. Mazira ake amagona m'nthaka chilimwe chonse n'kuswa mvula ikagwa. Alimi a mapira ndi mchewere amadana nacho, chifukwa chimakwera phesi n'kukadya njere zikadali zamkaka. Ku Botswana ena amakumba ngalande mozungulira munda kuti ziwalazo zizigweramo, poti sizingauluke.

Nkhuli yake ndi yaikulu moti akatswiri anachiona chikukwera m'mitengo yaminga momwe mpheta zamilomo yofiira zamanga zisa, n'kulowa m'chisa kukaluma anapiye amene angoswa kumene.

Chiwala chonenepa choyenda pansi pang'onopang'ono chimakopa adani ambiri, abuluzi, mbalame ndi ena. Koma ichi chili ndi zida. Mdani akachigwira chimaluma zolimba, chimasanza zimene chadya, chachimuna chimalira mokhukhuza kuti chimuopseze, ndipo zikavuta chimatulutsa magazi ake omwe. Magaziwo ndi achikasu mobiriwira, onunkha ndi owawa, ndipo amatuluka pa mfundo zimene miyendo imalumikizana ndi thupi, nthawi zina mothovoka mpaka masentimita angapo. Philip Bateman, amene pa nthawiyo anali ku yunivesite ya Pretoria, ndi Trish Fleming anafufuza zimenezi n'kulemba mu 2009. Anapaka magaziwo pa tiziwala tina tokoma n'kupatsa abuluzi. Abuluzi anadya tosapakidwa, koma topakidwa ambiri anatikana.

Komatu chida chomwechi chili ndi vuto lake. Fungo limene limathamangitsa buluzi limaitana ziwala zinzake, chifukwa kwa izo fungo la magazi likutanthauza kuti pali wovulala, ndipo wovulala ndi ndiwo. N'chifukwa chake chiwalachi chikapulumuka kwa mdani sichingopitiriza ulendo. Chimaima n'kuyamba kudzipukuta mosamala, chikunyambita mwendo uliwonse mpaka magazi onse atachoka. Pamsewu ndiye pamakhala zomvetsa chisoni. Galimoto ikaponda zingapo, zina zimabwera kudzadya zopondedwazo, galimoto ina n'kudzaponda izonso, zinanso n'kubwera, mpaka pamsewu kuti bii. Mukachiona m'munda, chiyang'aneni ndi maso okha. Chimaluma mopweteka, ndipo magazi ake si oti akhudze m'maso kapena m'kamwa.

Kudyedwa mwakufuna

Palinso kudyana kwina kumene wodyedwayo amavomera. Pakati pa abale a bwanoni, yaikazi imafuna mapuloteni ambiri kuti ipange mazira, ndipo m'mitundu yambiri ya banjali yaimuna imaipatsa mphatso pa nthawi yokwerana: kambulu koyera, kofewa, kochokera m'thupi mwake, kamene yaikazi imadya. M'mitundu ina kambuluko kamalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lonse la yaimuna. Msuweni wawo wa m'mapiri a ku Wyoming ndi Colorado, Cyphoderris strepitans, amapereka zoposa pamenepo. Kunsi kwa mapiko ake oimbira ali ndi timapiko tina tonenepa, toyererako. Yaikazi imakwera pamsana pake n'kuyamba kutafuna timapikoto ndi kumwa magazi otuluka pamenepo, yaimuna ili phee. Timapiko todyedwato sitimeranso, koma yaimunayo siifa.

Kuweta odyana

Kudziwa nkhuli ya ziwalazi kuli ndi ntchito yaikulu kwa anthu amene akuyesetsa kupulumutsa mitundu yosowa. Ku England kuli chiwala chobiriwira cha mawanga akuda, Decticus verrucivorus, chimene Carl Linnaeus anachipatsa dzina mu 1758. Kwawo kwa Linnaeus ku Sweden, anthu akumudzi kale ankachigwira n'kuchiika pa njerewere kuti chiilume, pokhulupirira kuti itha. M'mayiko ena a ku Ulaya chikadalipo chambiri, koma ku England chinatsala m'malo owerengeka pa zala, m'zitunda za miyala yoyera ku Sussex, Kent ndi Wiltshire. Chachimuna chimaimba dzuwa likawala, ndipo nyimbo yake imamveka ngati njinga yakapalasa ikamatsetsereka osapalasa: ti, ti, ti, titititi.

Chiwala chimenechi chimadya masamba ndi maluwa, komanso tiziwala, tizikumbu ndi tizilombo tina, ndipo chikasowa zimenezi sichisiya chinzake chofooka. Pa chitunda chimodzi chimafuna zinthu zitatu. Chimafuna dothi lopanda udzu, lotenthedwa ndi dzuwa, loikiramo mazira, amene amagona m'nthaka nyengo yozizira iwiri kapena kuposa. Chimafuna udzu waufupi wa maluwa ambiri, momwe ana amawothera dzuwa ndi kupeza chakudya. Chimafunanso zitsotso za udzu wautali zobisalamo mbalame zikamadutsa, ndiponso pofundula. Ziweto zikadya udzu wonse mpaka pansi, pobisala pamasowa. Zikachotsedwa zonse, udzu umatalika paliponse, dothi n'kuzizira. Oyang'anira malowa amawerengera bwino nkhosa ndi ng'ombe zoti zilowe, ndi mwezi woti zilowe, pofuna kachiwala kamene anthu ambiri odutsa pomwepo sanakaonepo. M'zaka za m'ma 1990 a kumalo osungira nyama a London Zoo anaweta ziwalazi, ndipo zina zinakatulidwa m'zitunda momwe zinali zitatha, monga ku Lydden m'chigawo cha Kent.

Woweta chiwala cha banja limeneli ali ndi zambiri zoti aganizire. M'tchire, chofooka chimatha kubisala. M'bokosi mulibe kothawira. Choncho saunjika zambiri pamodzi, amasiyanitsa zazikulu ndi zazing'ono, amaikamo timitengo ndi udzu kuti chofundula chipeze pobisala, ndipo koposa zonse saiwala ndiwo. Masamba okha sakwanira. Mukakhala ndi ziwala makumi ochepa chabe za mtundu umene ukutha, chimodzi chodyedwa ndi chinzake usiku ndi chitayiko chachikulu, ndipo chimapeweka ndi kachakudya kochepa kwambiri.

Bwanoni wathu nayenso ali m'nkhani yomweyi, ngakhale iye si wosowa. Dzina lake la sayansi ndi Ruspolia differens. Ku Uganda amamutcha nsenene, ndipo ndi malonda aakulu: cha mu Novembala ndi Disembala, komanso cha mu Epulo ndi Meyi, anthu a m'matauni onga Masaka amayatsa magetsi owala kwambiri usiku, n'kuimika malata opendekera m'migolo kuti bwanoni akawomba lata atsetserekere mkati. Koma poti amabwera pa nyengo yake yokha, ndipo chaka china amachuluka chaka china amachepa, akatswiri a ku yunivesite ya Makerere ku Kampala ndi a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Nairobi akhala akuyesa kumuweta kuti azipezeka chaka chonse.

M'tchire bwanoni amadya kwambiri maluwa ndi njere za udzu, ndipo anthu ambiri amamuyesa wofatsa. M'bokosi anaonetsa khalidwe la kwawo. A icipe atawerengera bwanoni amene ankafa m'mabokosi awo, anapeza kuti pafupifupi theka anali odyedwa ndi anzawo. Ngati munasungapo bwanoni amoyo m'botolo usiku wonse, n'kupeza m'mawa ena alibe miyendo, ena aboola pamimba, tsopano mwadziwa amene anachita zimenezo. Akatswiriwo anayesa njira yofanana ndi ya ku Idaho ija: anaika m'mabokosimo mphutsi ndi tizilombo tina tamoyo kuti bwanoni azigwira. Bwanoni anatembenukira ku mphutsizo, ndipo kudyana kunachepa. Mlimi amene adzafune kuweta bwanoni adzayenera kukhala ndi zinthu ziwiri, udzu wa njere ndi kakhola ka mphutsi pambali pake.